Chingwe cha Mfundo 50

Mawu olankhulidwa kwa ogwira ntchito m'mapulazi ndi m'nyumba pa msonkhano wawo ku Shamva

 Ena mwa inu mwadzuka tambala woyamba kuchokera ku mapulazi a m'mbali mwa mtsinje wa Mazowe, ena mwachokera ku Bindura mutachita kupempha kwa mabwana anu kuti muchokepo theka la tsiku, motero sindifuna kukutayirani nthawi. A komiti atandiuza kuti ndidzalankhule za miyeso, mnzanga wina anaseka nati, "Anthu akulira ndi malipiro, inu mukawaphunzitse masamu a ana a sukulu?" Ndinamuyankha kuti adzabwere adzamve yekha. Ndamuona, wakhala kumbuyoko, ndipo ndikumupempha kuti atchere khutu kuposa wina aliyense.

Ndiyambe ndi kuulula mlandu wanga. Ndili mnyamata ndinagwirapo ukapitawo pa pulazi ina ya chimanga ndi fodya m'dera lomwe lino, imene sinditchula dzina lake. Mgwazo wopalira tinkauyeza ndi chingwe cha mfundo 50, chimene ndinachipeza chili kale m'shedi. Munthu aliyense ankalandira mizere 10, ndipo pa mzere uliwonse tinkatambasula chingwe kawiri n'kukhoma chikhomo, kutanthauza mfundo 100. Chaka china kunabwera manejala watsopano. Iye anati chingwe chakale chatha, nandipatsa china choyera bwino. Ndinawerenga mfundo zake ndi zala zanga, ndipo zinalidi 50. Mizere inali 10 yomweyo, malipiro omwewo.

Koma anthu amene ankaweruka dzuwa litangopendeka anayamba kuweruka mochedwerapo. Amayi obereka ana kumsana ankasiya mizere yosatha, ine n'kumalemba m'buku kuti mgwazo sunathe. Ndinkawanena ulesi, ena a iwo a msinkhu wa mayi anga. Dzinja lonse linatha motero. Amene anatulukira chobisikacho anali bambo wina wachikulire wa ku Ntcheu, wosadziwa kulemba ngakhale dzina lake. Anakatola chingwe chakale kudzala nachigoneka pambali pa chatsopano, anthu onse akuona. Chatsopano chinapitirira ndi masitepe ngati asanu ndi limodzi. Chakale chija anachimanga mfundo potsata mayadi, pamene chatsopano anachimanga potsata mamita.

Tiwerengere limodzi zimene zinatayika. Mayadi 100 ndi mamita 91 ndi kanthu pang'ono. Mizere 10 ya mayadi 100 ndi mamita 914, pamene mizere 10 ya mamita 100 ndi mamita 1,000. Pa tsiku munthu aliyense ankapalira mamita 86 osalipidwa, pafupifupi mzere wathunthu. Pa masiku 26 a ntchito, imeneyo ndi migwazo iwiri ndi theka ya mwezi uliwonse yogwiridwa ulele. Gulu langa linali la anthu 40, choncho mwezi uliwonse pulazi inkalandira masiku pafupifupi 100 a thukuta la anthu popanda kutulutsa kobiri. Kaya manejalayo anachita dala kaya sanaganizepo, akudziwa ndi iye mwini. Chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero n'chakuti chingwecho chinali m'manja mwanga, ndipo ndinawerenga nambala osafunsa kuti 50 imeneyo ndi 50 wa chiyani.

Nkhani yotere si yachilendo kwa ife ana a anthu obwera. Ku migodi ya ku Joni, kumene a Wenela ankatengera makolo athu, munthu wobowola thanthwe ndi hamala ankayenera kufikitsa mainchi oikika pa tsiku, ndipo akaperewera, tsikulo silinkalowa m'tikiti yake. Woyeza mainchiwo sanali iye. Kuno ku Shamva, mu September 1927, anthu pafupifupi 3,500 a pa mgodi wa golide, ambiri a iwo ochokera ku Nyasaland, anaika zida pansi kwa masiku angapo pofuna malipiro oyenera. Anthu amenewo ankadziwa kuti malipiro ali ndi mbali ziwiri, ndalama imene walandira ndi kuchuluka kwa ntchito imene waigwirira. Ife timakangana kwambiri za mbali yoyambayo, n'kusiya yachiwiri m'manja mwa wogwira chingwe.

Kodi zinatheka bwanji kuti miyeso iwiri ikhale m'munda umodzi? Makolo athu ankayeza ndi thupi: mkono, mkwamba, phazi, chikhato. Angerezi anabwera ndi inchi, fiti, yadi, mailo, ekala, painti ndi galoni, ndipo miyeso imeneyi ndi imene inalamulira ku Nyasaland ndi ku Rhodesia konse. Kuwerengera kwake n'kovuta, chifukwa mainchi 12 amapanga fiti, mafiti 3 amapanga yadi, mayadi 1,760 amapanga mailo, mapainti 8 amapanga galoni. Mita inachokera ku France m'zaka za m'ma 1790. Akatswiri a kumeneko anatenga mtunda wochokera kunsonga ya kumpoto kwa dziko lapansi kufika pa Ikweta naugawa m'magawo 10 miliyoni, ndipo gawo limodzi analitcha mita. Ubwino wake ndi wakuti zonse zimayenda m'makumi: mamilimita 10 ndi sentimita, masentimita 100 ndi mita, mamita 1,000 ndi kilomita. Mu 1959 maiko olankhula Chingerezi, kuphatikizapo Britain, America ndi South Africa, anagwirizana kuti yadi ikhale mamita 0.9144 ndendende, ndipo inchi ikhale masentimita 2.54. Kuyambira pamenepo yadi yeniyeniyo imayezedwa ndi mita.

Dziko lino linasintha ndalama mu 1970, kuchoka ku mapaundi ndi masheleni kupita ku madola, Malawi n'kutsatira ndi kwacha mu 1971, ndipo m'zaka zomwezo boma la kuno linayamba kusinthira ku mamita ndi malita. M'maofesi ndi m'masukulu zinasintha. Koma m'minda, m'makomboni ndi m'makhitchini mawu akale anatsalira, ndipo ngakhale mapulazi anasintha eni kuyambira chaka cha 2000, mpaka lero mumamva wina akunena maekala, wina mahekitala, wina magaloni, wina malita, nthawi zina munthu mmodzi yemweyo pa mpweya umodzi. Pa mpata wa pakati pa miyeso iwiriyi ndi pamene pamagwera ndalama zanu.

Za kutalika sizifuna pepala. Yadi ndi yaifupi kuposa mita. Mukauzidwa mayadi, chotsanipo gawo limodzi mwa magawo khumi ndipo mwayandikira mamita: mayadi 50 ndi mamita 45 kapena 46. Mukauzidwa mamita, onjezani gawo lomwelo: mamita 100 ndi mayadi 109. Fiti ndi masentimita 30 ndi theka, ngati rula ya mwana wa sukulu. Mainchi 4 ndi masentimita 10. Mamailosi 5 ndi makilomita 8, n'chifukwa chake ulendo wa ku Harare umene ife timati ndi makilomita ngati 90, agogo athu ankati ndi mamailosi 56. Amayi, inu mukudziwa kale izi m'manja mwanu. Chitenje cha mayadi awiri, mkwamba wa kale uja, ndi masentimita 183, osati 200. Wogulitsa akakutchulirani mtengo wa mamita awiri n'kudula mayadi awiri, wakuberani masentimita 17, ndipo mudzazindikira pomanga mwana kumsana, nsonga zikukanika kukumana bwino.

Pa za kukula kwa munda ndi pamene ndaona anthu akulira kwambiri, makamaka ogwira ganyu, imene anzathu a kuno amati maricho. Ekala ndi malo a mayadi pafupifupi 70 m'litali ndi 70 m'lifupi, ndiye kuti mamita ngati 64 mbali iliyonse. Hekitala ndi mamita 100 m'litali ndi 100 m'lifupi. Poyang'ana ndi maso, 64 ndi 100 sizioneka zotalikirana kwenikweni, ndipo apa ndi pamene maso amanamiza. Munda umakula mbali ziwiri nthawi imodzi. Hekitala imodzi muli maekala awiri ndi theka, kuperewera pang'ono chabe. Maekala 5 ndi mahekitala 2. Tiyerekeze kuti mwagwirizana madola 20 pa ekala, ndiye mwini munda akukulozerani malo a mamita 100 mbali zonse nati, "Ekala yanu ndi iyi." Ntchito imene ili patsogolo panu ndi ya madola pafupifupi 50. Mukavomera, masiku atatu mwa asanu aliwonse mwamugwirira ulele.

Pofuna kuti chithunzi chikhale m'mutu, kumbukirani kamunda ka Pfumvudza kamene ambiri mwakumbapo mapando ake. Ndi ka mamita 39 m'litali ndi 16 m'lifupi. Timinda totero 16 timapanga hekitala, pamene ekala ndi timinda 6 ndi theka. Munthu amene anathyoka msana pa kamunda kamodzi sangasokoneze 6 ndi 16.

Munda ukakhala wa ngodya zinayi, yezani m'litali ndi m'lifupi m'mamita, chulukitsani nambala ziwirizo, ndipo kumbukirani kuti 10,000 ndiyo hekitala, 4,000 ndi kanthu ndiyo ekala. Munda wa mamita 150 ndi 80 umapereka 12,000, kutanthauza hekitala imodzi ndi magawo awiri mwa khumi, kapena maekala atatu. Foni ya m'thumba mwanu ili ndi chowerengetsera, igwiritseni ntchito imeneyi. Njira ina ndi kuwerenga mizere. Chimanga chobzalidwa motalikirana masentimita 90 chimakhala ndi mizere 111 ya mamita 100 pa hekitala, ndipo fodya wa mizere yotalikirana mamita 1.2 amakhala ndi mizere 83. Wina akakuuzani kuti mizere 60 ya chimanga, yotalika mamita 100, ndi ekala, mukaneni. Ekala ndi mizere 45.

Inu okumba ngalande, zimbudzi ndi maenje, samalani koposa, chifukwa dzenje limakula mbali zitatu. Dzenje la yadi m'litali, yadi m'lifupi ndi yadi kuya, mukalisintha kukhala la mita mbali zonse zitatu, dothi lotulukamo limachuluka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Pa mzere wa chimanga kusiyana kunali 9 pa 100, koma m'dzenje kwafika 31 pa 100. Kuya kwa mafiti 6 ndi mita imodzi ndi masentimita 83, osati mamita awiri, ndipo aliyense amene anagwirapo piki akudziwa kuti chikhato chomaliza cha pansi pa dzenje ndicho cholimba kuposa zonse.

Tsopano tibwere ku za madzi ndi zonse zothira m'chiwiya. Lita ndi madzi odzaza kabokosi ka masentimita 10 mbali zonse, ndipo amalemera kilogalamu imodzi. Mu lita muli mamililita 1,000. Mukaona palembedwa ml kapena cc, ndi chinthu chimodzi. Galoni ya Angerezi ndi malita 4 ndi theka, kupitirira pang'ono, ndipo painti ndi mamililita 568, kuposa theka la lita. Koma galoni ili ndi maina ambiri ngati mwana wa m'mudzi wa amalume. Ya ku America ndi malita 3.8 okha. Ya pamsika pathu pano, chitini chimene amayezera mtedza ndi nyemba, nthawi zambiri chimakhala cha malita 5. Zitatu zonsezi zimatchedwa galoni. Munthu akangoti galoni, mufunseni kuti ndi malita angati.

Achikulire mukukumbukira debe la palafini. Linali la magaloni 4, ndiwo malita 18. Ndowa ya pulasitiki imene inalowa m'malo mwake ndi ya malita 20. Mgolo umene timautchabe wa magaloni 44 ndi wa malita 200, ndipo umadzaza ndi madebe 11 kapena ndowa 10. Onani tsono zimene zimachitika pamene mtengo wa kuthyola kapena kutola unaikidwa pa debe, koma choyezera chili ndowa: pa ndowa 10 zilizonse, debe limodzi lapita osalipidwa. Ndipo zikafika poti inu ndinu olandira, monga pamene ganyu akulipira ndi chimanga, mudzaona chiwiya chikuchepa. Pali ndowa zina zooneka ngati za 20 koma zili za 18, zina anazitenthetsa pansi n'kuzikankhira m'kati. Kuyesa kwake n'kosavuta. Botolo la Mazoe la malita awiri lilowemo kakhumi. Likasefukira pa kachisanu ndi chinayi, ndowayo ndi yabodza.

Pa chimanga onjezani funso lina: ndowa yosefukira kapena yosalaza? Mugwirizane musanagwire khasu. Dziwaninso kuti ndowa imayeza malo, siyeza kulemera. Timati ndowa zitatu ndi thumba la makilogalamu 50, koma zimenezo zimatengera kuuma kwa chimangacho ndi mmene achithirira. Thumba la kale la mapaundi 200, limene akuluakulu ena amalitchulabe, linali la makilogalamu 91, motero wonena thumba anene kuti ndi liti.

Zonse ndanenazi ndi za ndalama. Izi zikubwerazi ndi za moyo, ndipo ndikupempha anyamata opopera mankhwala kuti mundimvere bwino. Pa botolo la mankhwala pamalembedwa mlingo m'mamililita kapena m'malita pa hekitala. Tiyerekeze kuti palembedwa lita imodzi pa hekitala, m'madzi okwana malita 200. Ndiye kuti mgolo wathunthu ulandire lita imodzi, lita iliyonse ya madzi ilandire mamililita 5. Pampu ya kumsana ya malita 16 ifuna mamililita 80, ya malita 15 ifuna 75. Zonsezi n'zowerengeka. Tsoka limabwera pamene kapitawo wachikulire anena kuti, "Ife kale tinkathira mapainti awiri mu mgolo," kapena pamene wina awerenga mlingo wa hekitala n'kuuthira pa ekala. Amene wachita chachiwirichi wathira mankhwala owirikiza kawiri ndi theka. Mbewu zikapsa, mlandu ugwera wopopera, ndipo akamudula malipiro. Koma choopsa kuposa pamenepo n'chakuti madzi amphamvu amenewo ndi amene akudonthera pa msana wake tsiku lonse, ndi amene akupuma, ndi amene mkazi wake akachape m'zovala madzulo.

Musayezere mankhwala pa chivindikiro cha botolo, pa chitini cha nsomba kapena ndi maso. Funani kapu yolembedwa mamililita, kapena sirinji yopanda singano imene muisunge m'shedi, kutali ndi nyumba, osaigwiritsanso ntchito ina. Yang'anani chizindikiro cha ngodya zitatu chili pa botolo. Kuno ku Zimbabwe chobiriwira ndicho chochepa ukali, kenaka chachikasu, kenaka chofiira, ndipo chapepo ndicho choopsa kopambana. Ngati simudziwa kuwerenga, si chamanyazi kupempha kuti akuwerengereni mokweza pamaso pa mnzanu. Chamanyazi ndi kapitawo wodziwa kuwerenga koma osawerenga, ngati mmene ndinalili ine. Zovala zodzitetezera nazo ayenera kupereka ndi wolemba ntchito, si mphatso ayi.

Amayi ndi achemwali ogwira ntchito m'nyumba, musaganize kuti nkhaniyi ndi ya kumunda kokha. Botolo la mkaka wa mwana lili ndi mizere mbali ziwiri, ina ya ml, ina ya oz, kutanthauza maaunsi. Aunsi imodzi ndi mamililita pafupifupi 30, motero 4 wa mbali ya oz ndi 120 wa mbali ya ml. Mayi wa mwana akamathamangira ku ntchito n'kungoti, "Mumupangire foro," mumuimitse pakhomo akulozereni mzere wake ndi chala. Mkaka wosungunuka kwambiri sukhutitsa mwana, wolimba kwambiri umamudwalitsa, ndipo mlingo woyenera ndi umene walembedwa pa chitini chomwecho, ndi kasipuni kake komweko. Mankhwala a mwana akalembedwa 5 ml, gwiritsani kasipuni kapena sirinji yobwera ndi mankhwalawo. Masipuni a tiyi a m'kabati sakhala ofanana, ena ndi aang'ono, ena ndi aakulu.

Palinso chimene tonse tiyenera kuchisunga pamtima, popeza kolera yatiyendera kangapo m'dziko muno, mu 2008 ndi mu 2023 momwe. Madzi a shuga ndi mchere amene a zaumoyo kuno amaphunzitsa ndi awa: madzi aukhondo mamililita 750, masipuni a tiyi 6 osalaza a shuga, ndi theka la sipuni ya tiyi losalaza la mchere. Koma paketi ya ku chipatala, monga Thanzi amene mumamudziwa kumudzi, nthawi zambiri imasungunulidwa mu lita yathunthu, ndipo mlingo wake umalembedwa pa paketipo. Botolo la 750 si lita, ndipo la 500 si 750. Nambala imalembedwa pa botolo lililonse, iwerengeni musanathire. Mchere ukachuluka m'madzi ochepa, mwana amene mukufuna kumupulumutsa mumamuwonjezera vuto.

Za kuphika ndingodutsamo. Kapu ya muyeso wa masiku ano ndi mamililita 250, sipuni yaikulu 15, yaing'ono 5. Mabuku akale a zophika amanena mapainti a Angerezi a 568, pamene malangizo ambiri a pa intaneti ndi a ku America, kumene painti ndi 473 ndipo kapu ndi yocheperako. Keke ikakana kufufuma chifukwa cha zimenezi, si dzanja lanu lalakwa, ndipo musalole kuti akuduleni ndalama ya mazira.

Mwina wina akufunsa mumtima kuti, "Ndikadziwa zonsezi, bwana n'kukana, ndipita kuti?" Lamulo la ntchito la dziko lino, Labour Act, pa gawo 12, limati wolemba ntchito adziwitse wantchito mwa kulemba za malipiro ake, mmene amawerengedwera, ndi nthawi imene azilandira. Mawu akuti mmene amawerengedwera ndi amene ali athu lero. Ngati mumalipidwa pa mgwazo, muli ndi ufulu wodziwa kuti mgwazowo ndi mizere ingati, ya mamita angati, kapena ndowa zingati za malita angati. Lamuloli silifunsa kuti agogo anu anachokera ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angonia. Palinso lamulo la Trade Measures Act, loyang'anira masikelo ndi miyeso ya pa malonda. A m'mapulazi muli ndi komiti ya ogwira ntchito, bungwe la GAPWUZ ndi NEC ya zaulimi. A m'nyumba muli ndi ZDAWU. Ku Bindura kuli maofesi a boma oona za ntchito.

Koma ndakhalapo pa milandu yotere, ndipo ndikuuzeni mmene imathera. Wodandaula amati, "Mgwazo wakula." Bwana amati, "Sunakule." Woweruza alibe pogwira, nkhani n'kuthera pomwepo. Amene amamveka ndi wobwera ndi kabuku kolembedwa kuti tsiku lakuti ndinapatsidwa mizere 12 ya mamita 100, tsiku lakuti mizere 12 ya mamita 120, mboni anali uje ndi uje. Motero gulani kabuku kakang'ono. Lembani tsiku, nambala, ndi dzina la muyeso pambali pa nambalayo. Nambala yopanda dzina musailembe, musaivomere, musaisainire. Ngati kulemba kumakuvutani, mwana wanu wa sukulu akulembereni madzulo aliwonse. Ndipo musapite nokha kukayeza munda wa mwini ngati wofuna ndewu. Pitani awiri kapena atatu, mwaulemu, ntchito isanayambe, chifukwa kukambirana za muyeso m'mawa n'kosavuta kusiyana ndi kukangana za ndalama madzulo.

Chida chake n'chotsika mtengo. Tengani ndodo yowongoka, muiyeze ndi rula ya mwana katatu n'kuwonjezera masentimita 10, mudule. Imeneyo ndi mita yanu. Ngati rula palibe, ndalama ya pepala ya dola ya ku America, kaya ndi ya 1 kaya ya 100, ndi yotalika masentimita 15 ndi theka, kupitirira pang'ono, motero mukaigoneka kasanu ndi kamodzi ndi theka mwayandikira mita, ngakhale ndikudziwa kuti ambiri a ife dolayo siikhala m'thumba nthawi yokwanira kuyezera. Ndi ndodoyo mangani chingwe cha mamita 10, mfundo imodzi pa mita iliyonse. Sankhani chingwe chosatamuka, ndipo muzichiyesanso pa ndodo nthawi ndi nthawi, pakuti chingwe chimasintha chikanyowa ndi chikakalamba. Kenaka chigonekeni pansi, muyende m'mbali mwake monga mumayendera masiku onse, muwerenge masitepe anu. Ambiri mupeza 12, 13 kapena 14 pa mamita 10. Amene amati sitepe imodzi ndi mita imodzi amatero chifukwa poyeza munda wa ganyu amachita kudumpha ngati mphoyo. Mukadziwa nambala yanu, mungathe kuyeza munda uliwonse mongodutsa, popanda wina kudziwa kuti mukuyeza.

Bambo wa ku Ntcheu uja anamwalira kalekale, ndipo anaikidwa kumanda a pa komboni ya pulazi yomweyo. Atagoneka zingwe ziwiri zija, manejala anatsitsa mgwazo kufika pa mizere 9, koma za dzinja limene linapita sanabweze kanthu, ndipo m'buku langa maina a amayi aja anakhalabe ndi chizindikiro cha mgwazo wosatha.

Tikatuluka muno, pansi pa mtengo pabwalopo ndatambasula tepi ya mamita 30, ndipo ndabwera ndi mpukutu wa chingwe wokwanira aliyense. Tiyamba ndi amayi ochokera ku Bindura, popeza ayenera kubwerera nthawi ya chakudya chamadzulo isanakwane. Amene mwabwera ndi ndowa zanu monga tinapemphera, mabotolo a malita awiri ali kwa mlembi, ndipo mpopi uli kuseri kwa holo.